Nsanja ya Mumtengo ndi Moyo wa Mlonda

Chimanga chikayamba kukhwima, m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, mlimi amene munda wake uli m'mphepete mwa thengo sagona tulo tokwanira. Masana kumabwera anyani ndi apusi, usiku nguluwe ndi nungu, ndipo nguluwe zowerengeka chabe zikhoza kugwetsa mizere yambirimbiri usiku umodzi. N'chifukwa chake makolo athu adapeza nzeru yomanga nsanja pamphanda za mtengo, kuti mlonda aziona munda wonse koma chilombo chisamufikire. Alenje nawonso ankamanga nsanja yotere pafupi ndi njira imene nyama zimadzera popita kukamwa madzi, pakuti munthu akakhala pamwamba fungo lake limapita ndi mphepo, ndipo nyama imafika pafupi isadamuzindikire.

Ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma nyama zikuluzikulu zidasowa pamene nkhalango zidasanduka minda ya fodya, chimanga ndi mtedza. Koma kummwera kwa Namitete ndi Mpingu kuli nkhalango ya Dzalanyama, imene boma lidaiteteza mu 1922 ndipo ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe. Midzi yoyandikana nayo ikulimbanabe ndi anyani ndi nguluwe. Ngakhalenso kumene kulibe nyama, anthu akukwerabe mitengo pokapachika ming'oma ya njuchi, pokathyola mango ndi pokasadza nthambi. Choncho zimene tikambe pano zikukhudza aliyense amene phazi lake limachoka pansi.

Poyamba tinene za lamulo. Masiku a uzimba, pamene mudzi wonse unkalowa m'thengo ndi agalu, mauta ndi mikondo, adapita. Lamulo loteteza nyama zakuthengo la 1992, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, silimalola kupha nyama zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo pa nyama zina chilango chake chimafika zaka 30 za ukaidi. Kusaka m'nkhalango ya boma monga Dzalanyama ndi mlandu, ndiponso kusunga mfuti popanda chiphaso ndi mlandu, ngakhale ikhale ya gogodela yosula kumudzi. Nyama zikavuta m'munda, njira yake ndi kukanena kwa amfumu ndi kwa akuluakulu oona za nyama zakuthengo. Motero nsanja ya lero ndi ya mlonda wokhala ndi legeni, chitini ndi tochi koposa ya mlenje.

Anthu ambiri akamaganiza za ngozi ya pansanja amaganiza za chilombo kapena mfuti. Koma mdani wamkulu ndi nthaka imene ili pansi pake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo pa imfa zangozi, kugwa kumaposedwa ndi ngozi zapamsewu zokha. Ku America, kumene alenje ambiri amadikirira nyama pansanja zachitsulo zomangirira kumtengo, madokotala a zipatala zingapo adapeza kuti ovulala pogwa amachuluka kuposa owomberedwa, ndiponso kuti ambiri amagwa pokwera kapena potsika.

Aphunzitsi a sayansi akhoza kuwerengera zimenezi ndi ana awo pabolodi. Chinthu chikamagwa, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita pafupifupi 10 pa sekondi, sekondi iliyonse. Munthu wogwa kuchokera pa mamita 5 amafika pansi pa sekondi imodzi yokha, ali pa liwiro la makilomita pafupifupi 36 pa ola. Nthawi imeneyo siyokwanira kugwira nthambi kapena kutembenuka. Akafikira msana kapena khosi, mtsempha waukulu umene umadzera m'kati mwa fupa lamsana ukhoza kuduka, ndipo ukaduka sulumikizanso. Mnyamata amene amateteza matumba asanu a chimanga akhoza kukhala pampando wamatayala moyo wake wonse.

Chitetezo chimayamba posankha mtengo. Ukhale wamoyo, woongoka ndi wolimba, monga muwanga kapena m'bawa. Mkuyu ndi kachere ndi yofewa, ndipo nthambi za mango zimathyoka mosachenjeza. Musanakwere, gogodani thunthu ndi chigombo cha nkhwangwa. Likamveka ngati ng'oma, m'kati mwake ndi mphako. Onani ngati pali dothi la chiswe kapena bowa womera pakhungwa, pakuti zimenezi ndi zizindikiro za kuola. Kenaka yang'anani m'mwamba nthawi yamasana. Njuchi, mavu ndi nalikukuti, njoka ija yofanana ndi kamtengo kouma, sizifunika kukulumani kuti zikugwetseni. Kudzidzimuka kokha n'kokwanira.

Nsanja isapitirire mamita atatu. Nguluwe sikwera mtengo, ndipo msinkhu umenewu ndi wokwanira kuonera munda wonse. Mitengo yopingasa ikhale yaiwisi, yonenepa ngati mwendo wa munthu wamkulu, ndipo igone pamphanda zenizeni za mtengo. Chingwe chizingoigwira kuti isasunthe. Kulemera konse kukhale pamphanda. Luzi la mombo ndi lolimba likakhala laliwisi, koma likapsa ndi dzuwa ndi kunyowa ndi mvula limafumbwa, choncho liziyang'anidwa sabata iliyonse. Mbali zonse muike chotchinga chofika m'chiuno. Nsanja ya chaka chatha siyenera kukhulupiriridwa. Iphwasuleni ndi kumanga yatsopano. Ngati palibe mtengo wabwino, zikani mphanda zinayi pachulu ndi kumanga nsanja yoima payokha.

Pokwera, gwiritsani ntchito makwerero omangiriridwa kuthunthu kumwamba ndi kunsi. Zikhomo zokhomera mumtengo ndi timphanda touma ndizo zimapereka anthu. Lamulo la okwera onse ndi ili: pa manja awiri ndi mapazi awiri, zitatu zikhale zitagwira, chimodzi chokha ndicho chizisuntha. Manja asanyamule kanthu. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo wofuna kukwera atagwira nkhwangwa, tochi ndi bulangete nthawi imodzi ali ngati pusi ameneyo. Mangani katundu pachingwe, mukwere, kenaka mukoke. Amene ali ndi mfuti yachilolezo aichotse chipolopolo asanaimange, ndipo kukamwa kwake kuloze pansi. Patapata ndi nsapato zoterera zitsale pansi, makamaka mvula ikagwa pamene khungwa lili ndi ndere.

Mukafika pamwamba, dzimangirireni kumtengo musanachite china chilichonse. Alenje a ku America amavala lamba wogwira mapewa, chifuwa ndi ntchafu pamodzi. Kwathu kuno chingwe cholimba cha nayiloni chikhoza kuthandiza ngati chamangidwa mwanzeru. Chimangidwe kuthunthu pamwamba pa mutu, ndipo chikhale chachifupi kotero kuti simungathe kupitirira m'mphepete mwa nsanja. Ntchito yake ndi kukuletsani kugwa. Chingwe chachitali chomanga m'chiuno mokha n'choopsa, chifukwa munthu akagwa chimakwera kuchifuwa ndi kumubanika, kapena chimamuzondotsa mutu pansi. Mfundo yake isakhale yokhwepa ngati ya msampha.

Tulo ndi mdani wina. Munthu amene walima tsiku lonse sangachezere usiku wonse ali maso, choncho ndi bwino kulondera awiri ndi kumasinthana. Kachasu amene ena amati amachotsa chisanu amangobweretsa tulo ndi chizungulire. Moto usakolezedwe pansanja. Mabingu akayamba, tsikani msanga ndipo musabisale patsinde, pakuti mphezi imakonda mtengo wautali woima paokha. Musaponye mkondo kapena kuwombera chifukwa chakuti chimanga chagwedezeka; kumeneko kukhoza kukhala mnzanu wa munda woyandikana kapena mwana wofuna mbuzi yosochera. Potsika m'mamawa, yambani mwaongola miyendo kufikira dzanzi litatha. Ndipo nthawi zonse a kunyumba adziwe mtengo umene muli ndi nthawi imene mubwerere.

Komabe tsoka silinunkha. Munthu akagwa, amene afika poyamba ndiwo angamupulumutse kapena kumulumalitsa. Musamudzutse, musamukhazike, ndipo musakoke khosi kapena msana pofuna kuongola. Mfunseni ngati akumva mukamagwira mapazi ake ndiponso ngati angathe kugwedeza zala. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usatembenuke, ena atatu kapena anayi amunyamule pamodzi thupi lili loongoka, amugoneke pachitseko ndi kumumanga ndi zitenje. Asakwezedwe panjinga yakabaza kapena yamoto. Ayende chogona pangolo kapena pagalimoto. Musampatse madzi kapena chakudya, chifukwa mwina akafunika opaleshoni. Wamenya mutu apite kuchipatala ngakhale adzuke yekha, makamaka akayamba kusanza kapena kusinza. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere a ku Luxembourg adachiyamba mu 1959, ndi chipatala cha Kabudula ndiko kothamangira, ndipo ovulala kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe.

Achinyamata amene mwatsiriza sukulu, ntchito yolondera munda kawirikawiri imagwera inu, chifukwa ndinu opepuka thupi. Inunso ndinu amene mungafotokozere akuluakulu mwaulemu chifukwa chake nsanja iyenera kukhala yotsika ndi makwerero omanga. Aphunzitsi, mango asanapse m'mwezi wa Novembala, patulani phunziro limodzi kuti ana ayesere kunyamula mnzawo pachitseko, mmodzi atagwira mutu, mpaka aliyense adziwe malo ake.

Sabata yamawa tidzaona za alimi a njuchi, ndi njira yopachikira ming'oma popanda kukwera mumtengo.