Nyanja ya Malawi ndi mtsuko wobenthuka mlomo

Mitsinje yothira madzi m'nyanja ya Malawi ndi yambiri. Ruhuhu umachokera ku Tanzania, Songwe umatsata malire a kumpoto, ndiye kukubwera North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe, osawerengera timitsinje toyenda m'dzinja mokha. Wotulutsa madzi ndi umodzi basi: Shire, umene umayambira chakumpoto pang'ono kwa tauni ya Mangochi, n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku nyanja ya Malombe. Mwana wasukulu akamva zimenezi amafunsa funso loyenera: madzi onsewo akwana bwanji mumtsinje umodzi? Sakwana ayi. Ambiri mwa madziwo safika n'komwe pa mlathowo.

Taganizirani mtsuko wa madzi akumwa umene umakhala pakona ya nyumba. Tsiku lina wina anaugunda ndi chikho, mlomo wake n'kubenthuka pang'ono mbali imodzi. Ana akabwera kumjigo n'kuthira madzi mpaka afike pobenthukapo, timadzi timayamba kuchucha. Madzi akangotsika ndi chala chimodzi, kuchucha kumaleka, pamene mtsukowo udakali wodzaza ndithu. Palinso china chimene mayi aliyense amachidziwa: mtsuko wadothi umachita thukuta. Kunja kwake kumakhala konyowa, madzi amazizira bwino, koma amachepa pang'onopang'ono popanda amene watunga.

Nyanja yathu ndi mtsuko woterowo. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 560, ndipo pamene yatambasuka kwambiri imafika makilomita 75. Kumpoto, pamene yazama kwambiri, pamakwana mamita pafupifupi 700. Popeza pamwamba pa madzi ake pamakhala pa mamita pafupifupi 474 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, ndiye kuti pansi penipeni pa nyanja ya Malawi patsikira mamita oposa 200 kunsi kwa pamwamba pa nyanja ya Indian Ocean. Pobenthuka paja ndi pa Mangochi. Pamene Shire umatulukira ndi posazama, mamita owerengeka chabe, choncho mtsinjewu umangoyengula madzi apamwamba. Onse a pansi sawafikira.

Thukuta lake ndi nthunzi. Apa nyanja ikusiyana pang'ono ndi mtsuko, chifukwa siitaya madzi m'mbali koma pamwamba, pa malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 29,600 amene ali poyera, dzuwa likuwomba ndi mphepo ikupita. Tsiku lililonse madzi okhuthala mamilimita 4 kapena 5 amauluka pa malo onsewo. Pachaka amaposa mita imodzi ndi theka. Akatswiri amene awerengera madzi olowa ndi otuluka amapeza kuti mwa ndowa 5 zilizonse zochoka m'nyanjayi, pafupifupi 4 zimapita kumwamba, ndipo imodzi yokha ndiyo imatsika ndi Shire. Kumbali yolowa nakonso kuli chodabwitsa: mvula yogwa mwachindunji pamadzi imathira zambiri kuposa mitsinje yonse ija pamodzi.

Nanga madzi oyenda mumtsinje amawayeza bwanji? Ndi masamu a kusukulu, ndipo gulu la ana lingathe kuwachita pa kamtsinje kakang'ono, kutali ndi ng'ona za mu Shire. Khomani zikhomo ziwiri m'mphepete, motalikirana mamita 20. Wina aponye chitsononkho pakati pa madzi, kumtunda kwa chikhomo choyamba, kuti chikamafika pamenepo chikhale chitagwira kale liwiro la madziwo. Wogwira foni ayambe kuwerenga masekondi chitsononkho chikangodutsa chikhomo choyamba, n'kuimitsa chikafika pa chachiwiri. Tinene kuti chatenga masekondi 40. Liwiro ndi mtunda kugawa ndi nthawi: mamita 20 kugawa ndi masekondi 40, ndiye theka la mita pa sekondi iliyonse. Bwerezani kangapo, chifukwa chitsononkho chikakodwa m'bango chimanamiza, ndiponso madzi apakati amathamanga kuposa a m'mbali ndi a pansi, amene amakhuzana ndi matope.

Tsopano yezani kamtsinjeko m'lifupi ndi kuzama kwake. Ngati ndi mamita 4 m'lifupi ndi theka la mita kuzama, chulukitsani 4 ndi theka, kenako ndi theka lina la liwiro lija. Yankho ndi kiyubiki mita imodzi pa sekondi, kutanthauza malita 1,000, kapena zigubu 50 za malita 20. Shire pa chaka chabwinobwino umatulutsa makiyubiki mita pafupifupi 350 pa sekondi. Zimenezo ndi zigubu 17,500 pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku. Munthu woima pa mlatho wa Mangochi akamaona madzi akuyenda mwaulesi, namasupuni akuyandama, sangaganize kuti ndi ochuluka chomwecho.

Koma tiyeni tiwaike pafupi ndi nyanja. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400. Mukachulukitsa ndi 350, mupeza makiyubiki mita pafupifupi 30 miliyoni patsiku. Sentimita imodzi yokha ya pamwamba pa nyanja yonse ili ndi makiyubiki mita 296 miliyoni. Ndiye kuti Shire umafuna masiku pafupifupi 10 kuti utsitse nyanja ndi sentimita imodzi, imene siikwana n'komwe m'lifupi mwa chikhadabo cha chala chachikulu. Dzuwa ndi mphepo zimachita ntchito yomweyo m'masiku awiri kapena atatu. Kuti Shire pawokha utsitse nyanja ndi mita yathunthu, pangapite zaka pafupifupi 3, ndipo apo ndiye kuti sikunagwe dontho ngakhale limodzi la mvula.

Masamu amenewa ndimawaona ofunika chifukwa cha zimene zinachitika mu 2024. Patatha zaka zingapo za mvula yambiri, kuphatikizapo ya namondwe Freddy wa mu Marichi 2023, nyanja inakwera mpaka kupitirira mamita 476. M'mbali mwa nyanja ku Mangochi madzi analowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo. Mchenga umene asodzi amayanikapo usipa ndi kukokerapo mabwato unamira, ndipo mitengo inaima m'madzi. Anthu ambiri analoza chala ku Liwonde, kunena kuti atsegule zitseko za baraji ya Kamuzu madzi aphwe. Ululu wawo unali weniweni, ndipo munthu amene nyumba yake yamira sitingamudzudzule pofuna thandizo la lero lomwe.

Barajiyo inamangidwa mu 1965 ndipo inakonzedwanso pambuyo pake. Ntchito yake ili ngati chala choikidwa pobenthuka pa mtsuko: chingachepetse kuchucha kapena kukulola, koma sichingatsanule mtsuko. Kuchokera ku Mangochi kukafika ku Liwonde mtsinje umatsetsereka pang'ono kwambiri, n'chifukwa chake kutseka zitseko kumeneko kumabweza madzi mpaka kunyanja. Sindikunena kuti baraji ilibe mphamvu. Masentimita amene imasunga chaka ndi chaka amaunjikana, ndipo amene amaiyendetsa ayenera kufotokozera anthu poyera kuchuluka kwa madzi amene akutulutsa ndi chifukwa chake. Koma ngakhale madzi otuluka atawirikiza kawiri, sentimita imodzi ingafunebe masiku 5, pamene mvula ya usiku umodzi panyanja ingaibweze yonse. Madzi owonjezerawo sasowanso kopita. Amakafika ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kwa anthu amene madzi osefukira amawasautsa kale.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi magetsi. Kunsi kwa Matope, Shire umagwa mamita oposa 350 m'mathithi otsatizana, ndipo m'menemo ndi mmene muli Nkula, imene inayamba kupanga magetsi mu 1966, Tedzani ndi Kapichira. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku timadzi tochucha pa Mangochi tija. Mu 2016 ndi 2017 nyanja inatsika kufika pa mamita pafupifupi 473, makina akumeneko anasowa madzi okwanira, ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri patsiku. Pakati pa mdima wa 2017 ndi kusefukira kwa 2024 pali mamita atatu okha, pa nyanja yozama mamita 700.

Ndipo nyanjayi inatsikapo kuposa pamenepo. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935, Shire unaleka kutuluka m'nyanja. Madzi anatsika kunsi kwa pobenthuka paja, mchenga ndi zomera zinatseka njira, mbali yaikulu ya Malombe inauma mpaka anthu ankalimamo. Sitima zapamadzi zimene kale zinkayenda pakati pa Matope ndi nyanja zinasowa podutsa. Chipilala cha wotchi cha ku Mangochi, chomangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria tauniyo ikutchedwa Fort Johnston, chinali chitaima kale pamene izi zinkachitika. Nthawi imeneyo kunalibe baraji iliyonse. Nyanja inadzadzanso yokha ndi mvula, n'kuphwanya mchengawo, ndipo pofika 1980 inakwera mpaka kupitirira mamita 477, pamwamba kuposa mu 2024.

Chaka chilichonsenso nyanja imakwera ndi kutsika, kawirikawiri ndi mita imodzi kapena kuchepera apo, koma imachedwa. Ku Mangochi mvula imakhala itatha kumapeto kwa Marichi, anthu ayamba kukolola, koma madzi akukwerabe. Chifukwa chake n'chakuti kumpoto, ku Nkhata Bay, ku Karonga ndi kumapiri a ku Tanzania, mvula imagwabe mpaka Epulo ndi Meyi, ndipo mitsinje imatenga nthawi kutsitsa madziwo. Nyanja imafika pachimake cha mu Epulo kapena Meyi, kenako imatsika m'nyengo ya mwera ndi m'chilimwe mpaka cha mu Disembala. Wokhala ku Makawa kapena ku Malindi angaone kumwamba kuli mbee, koma madzi a mvula imene inagwa kutali makilomita mazana ali pakhomo pake.

Kuchepa kwa pobenthuka paja kuli ndi zotsatira zinanso zimene zimandidetsa nkhawa kuposa kusefukira. M'nyanjayi muli madzi okwana makiyubiki kilomita pafupifupi 8,000, ndipo Shire umatulutsa pafupifupi 11 pachaka. Kuti madzi onsewo adutse pa mlatho wa Mangochi pangafunike zaka zoposa 700. Nthunzi imanyamula madzi okha, zinyalala imazisiya. Mafuta a injini, mapulasitiki, feteleza ndi dothi lokokoloka m'mapiri ometedwa mitengo, zikalowa m'nyanja zambiri zimakhala momwemo, pamodzi ndi chambo ndi utaka. Amene amataya zinthu m'madzi poganiza kuti zipita ndi Shire sanawerengere bwino.

Bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority limachenjeza kuti anthu asamange kunsi kwa mzere wa mamita 477, ndipo mbiri ya 1980 ikusonyeza chifukwa chake. Vuto ndi lakuti mzerewo suoneka ndi maso. Munthu akagula malo m'chaka chimene nyanja yatsika, amaona mchenga wautali wouma, wogulitsa n'kumuuza kuti madzi safika pano. Ndikadakonda kuti mzerewo ukhomedwe ndi zipilala za simenti m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Makanjira, kuti mfumu yogawa malo ndi munthu wogula aziuona onse awiri. Sukulu za kugombe nazo zingaimike mtengo wolembedwa masentimita pamalo osasuntha, ana n'kumawerenga pamene madzi afika Lolemba lililonse ndi kulemba m'kope limodzi, losiyirana kalasi ndi kalasi.