Fuluwenza ndi Okalamba: Kodi Agogo Akukhala ndi Yani?

Pa Chelinda, pamwamba pa mapiri a Nyika m'boma la Rumphi, kumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kotero kuti masiku ena udzu umacha utayera ndi chisanu. Malire a paki ya Nyika atafutukulidwa mu 1978, midzi inatsala kunja. Okhala pa Chelinda ndi antchito ndi mabanja awo, ndipo ena mwa iwo anasiya makolo okalamba kumunsi, monga ku Thazima, ku Hewe ndi ku Bolero. Nyengo yozizira ikafika, makolo oterewa ayenera kukumbukiridwa chifukwa cha nthenda ya fuluwenza.

Fuluwenza si chimfine wamba. Imayamba mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'thupi ndi chifuwa chouma. Mnyamata wamphamvu amadzuka pakatha sabata, koma kwa munthu wokalamba nthendayi imatha kusanduka chibayo.

Katemera wake alipo. Amabayidwa chaka ndi chaka chifukwa kachirombo kake kamasinthasintha, ndipo amayamba kuteteza thupi pakapita masabata awiri. Ku South Korea, dziko la ku Asia, munthu aliyense wa zaka 65 kapena kuposerapo amalandira katemerayu kwaulere. Komabe katemera sadziyendera yekha kukapeza nkhalamba. Pafunika wina woikumbutsa tsiku ndi kuiperekeza, ndipo gogo wokhala yekha kawirikawiri alibe munthu wotero.

Kuno ku Malawi katemera wa fuluwenza sali m'gulu la akatemera operekedwa kwa onse m'zipatala za boma. Motero udindo wa abale ndi waukulu koposa. Gogo wokhala yekha akadwala, palibe womtungira madzi kapena womphikira phala. Amangofunda bulangete nkugona, anthu nkumayesa kuti ndi ukalamba chabe, mpaka masiku atatu kapena anayi atha. Mwana wake ali pa Chelinda, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pa boma la Rumphi, ndipo uthenga umamfika matenda atakula kale. Nchifukwa chake nkwanzeru kupangana ndi mbale kapena mnansi, chisanu chisanayambe, kuti azikagogoda pakhomo pa agogo m'mawa uliwonse.

Naye gogo wokhala ndi adzukulu ali ndi vuto lake. Ana amatenga chimfine kusukulu nkubwera nacho kunyumba. Mwana amene akutsokomola asagone mphasa imodzi ndi agogo ake, asambe m'manja ndi sopo, ndipo atseke pakamwa potsokomola. Moto wa m'nyumba umafunditsa, koma utsi ukachuluka umavulaza chifuwa, choncho pakhale potulukira utsi.

Wokalamba akayamba kupuma mobanika, kumva chilaso m'chifuwa, kukana madzi kapena kuyankhula zosokonekera, atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko adzamuyeza ngati ali ndi chibayo, ndiponso adzamuyeza magazi, pakuti malungo nawo amayamba ndi kutentha thupi.