Ku Toronto Msewu Uliwonse Uli ndi Mphika Wake

Munthu akatsika basi ku Wenela kapena pa depoti ya ku Lilongwe dzuwa lili paliwombo, safunsa kuti adya chiyani. Nsima ndi yodziwika kale. Amangosuzumira m'lesitilanti n'kufunsa kuti, "Mayi, ndiwo zilipo zanji?" Akamva kuti nkhuku yalokolo, chambo, nyemba kapena mang'ina, amakoka benchi, mtsikana n'kubwera ndi beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja. Kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa mbale ndi yomweyo, kupatula kuti ku Nkhata Bay akuikirani kondowole, ku Karonga mbalaga.

Ku Toronto, mzinda waukulu kuposa yonse m'dziko la Canada, funsoli silingakufikitseni patali. Kalembera wa 2021 anapeza kuti mumzindawu muli anthu pafupifupi 2.8 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la anthuwo anabadwira kumaiko ena. Mukauza mnzanu wakumeneko kuti njala yakupwetekani, iye amakufunsani kuti mukufuna cha mtundu uti, chifukwa yankho lanu ndilo likuuzeni sitima yokwera.

Pamphambano ya Spadina ndi Dundas pali Chinatown, pamene abakha owotcha amalendewera m'mawindo. Pafupi pomwepo pali Kensington Market, timisewu tothinana timene poyamba munadzaza Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, kenaka Apwitikizi, anthu a ku Caribbean ndi a ku Latin America, aliyense akusiyapo fungo la mphika wake. Agiriki ali mumsewu wa Danforth, Amwenye ku Gerrard, a ku Korea ku Bloor pakati pa Bathurst ndi Christie, a ku Jamaica ku Eglinton West. Koma amene amaudziwadi mzindawu adzakutumizani kutali, ku Scarborough, kumene Atamil a ku Sri Lanka amaduladula chapati pachitsulo chamoto pophika kottu roti, phokoso lake ngati la mmisiri wa zidebe. Malo ake ndi osaoneka bwino, timashopu tandandanda kumaso kwa poimika magalimoto, ndipo mlendo wofuna pojambulitsa akhoza kungodutsa.

Apa m'pamene ndimaona kusiyana kwenikweni. Kwathu kuno chakudya chokoma chili kunyumba. M'lesitilanti mumadya wapaulendo, wogwira ntchito kutali ndi kwawo, ndi mbeta yosowa woiphikira. Ku Toronto wapaulendo ndi wophikayo. Anasiya kwawo, ena pothawa nkhondo, ena posaka moyo, ndipo amaphikira poyamba anthu akwawo amene akudziwa kukoma kwake ndipo sanganamizidwe. Choncho nzeru ya pamsika wa Limbe imagwiranso ntchito kumeneko: lowani pamene pali mzere wa eni chakudyacho. Malo odyera apamwamba pa CN Tower amazungulira pang'onopang'ono mukudya, mzinda wonse n'kuonekera pansi panu, koma dziwani kuti gawo lalikulu la ndalama yanu likulipira maso, osati mimba.

Nanga cha eni dziko n'chiti? Akakamizika kuyankha, amakutengerani ku St. Lawrence Market mumsewu wa Front, pamene pakhala msika kuyambira 1803. Kumeneko mumadya peameal bacon, nyama yankhumba ya pamsana yoviikidwa m'madzi amchere, yokazingidwa n'kuikidwa m'banzi. Kale ankaigudubuza mu ufa wa nsawawa zouma, lero amaigudubuza mu ufa wachimanga chachikasu. Mmalawi amaseka chamumtima poona kuti chimanga, chimene kwathu chimagwetsa boma chikasowa, kumeneko ndi chongowaza kunja kwa nyama. China ndi poutine, chimene chinachokera m'chigawo cha Quebec m'zaka za m'ma 1950: tchipisi chothiridwa timibulu ta tchizi ndi msuzi wotentha wanyama. Amene anakulira pachiwaya, kumene tchipisi chimadyedwa ndi kabichi, mchere ndi tsabola wa kambuzi, amayamba wakwinya nkhope poona mbatata ikumira mumsuzi. Ine ndinachimvetsa nditachidya mu Januwale, zala zitauma ndi chisanu.

Chiwayacho kumeneko kulibe. Kanyenya wa m'mbali mwa msewu, chimanga chowotcha, mayi wa zitumbuwa ndi dengu pamutu, zonsezi musazifune. Mumsewu mumapeza makamaka tingolo ta masoseji ndi magalimoto ochepa ogulitsa zakudya, chifukwa malamulo a mzinda ndi okhwima ndiponso kwa miyezi ingapo kunja sikuimika munthu. Anthu a m'maofesi masana amatsikira ku PATH, njira zapansi panthaka zotalika makilomita oposa 30, zolumikiza nyumba zazitali za pakati pa mzinda, momwe muli malo odyera ambirimbiri. Ndi chiimilire chawo, kungoti chili ndi mipando ndi magetsi. Loweruka ndi Lamlungu ambiri mwa malowa amatseka, ndiye musatsikireko ndi njala.

Chimodzi chimene ndimasirira ndi chikwangwani cha pakhomo. Kuyambira 2001, pansi pa ndondomeko ya DineSafe, malo odyera aliwonse amapachika poonekera zimene oyendera zaukhondo anapeza: chobiriwira ngati zonse zili bwino, chachikasu ngati pali zoti akonze, chofiira ngati atsekedwa. Kwathu woyendera ndi mphuno yako, ndipo chigamulo chimatuluka usiku, m'mimba.

Pa ndalama m'pamene mlendo amapunthwa. Mtengo wolembedwa si umene mulipire. M'chigawo cha Ontario amawonjezera msonkho wa 13 peresenti pobweretsa bilu, kenaka kamakina kolipirira ndi khadi kamakufunsani kuti woperekera zakudya mumuthokoza ndi zingati. Anthu amapereka pakati pa 15 ndi 20 peresenti, ndipo wosapereka amaoneka wopanda khalidwe. Mbale ya madola 20 imakhala ya madola 26 musanadzuke pampando. Kwathu wowonjezera ndi wogulitsa: mukagula tchipisi amaponyapo basela, ndipo mukamudandaulira amachotserako pamtengo. Kumeneko basela amapereka ndi wogula, ndipo mtengo sanenerera. Madzi akumwa okha ndi aulere, ingonenani kuti mukufuna apampopi.

Palinso msampha wa mawu akuti "tiyeni tikadye". Kwathu wonena mawuwa wasenza katundu, ndipo woitanidwa akapisa m'thumba ndiye kuti wanyoza. Ku Toronto woperekera zakudya amafunsa pamapeto ngati bilu ikhale imodzi kapena aliyense yake, ndipo anthu okondana kwambiri amayankha mosaphethira kuti aliyense yake. Si umbombo, amangoona kuti potero palibe wolemetsa mnzake. Komabe pitani ndi khadi lanu. Zotsala musachite nazo manyazi, pemphani kabokosi. Mkute kumeneko amaunyamula ngakhale ovala taye.

Pakatha masiku anayi, mimba ya Mmalawi imayamba kulankhula. Mwadya mpunga, buledi, zamasamba, koma mukagona mumamva ngati simunadye. Ufa woyera umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa, ndipo pali malo ophika ugali ndi fufu. Ine ndi anzanga atatu tinakwera sitima ya Line 2 kulowera kum'mawa, kudutsa kwa Agiriki, mpaka chigawo cha Danforth chimene chili ndi malo odyera a anthu a ku Ethiopia ndi Eritrea. Titalowa pamalo ena odyera, anatibweretsera thireyi imodzi yaikulu, tonse anayi. Pansi pake anayala injera, chofufumitsa chopyapyala chowawasa cha ufa wa teff, pamwamba anaika milu ya nyemba, masamba ndi nkhuku yatsabola. Foloko panalibe. Anzanga awiri obadwira ku Toronto komweko anayang'anizana, osadziwa poyambira. Ndinapita kukasamba m'manja, n'kubwera kudzanyema mbali yanga, ndipo mayi wophikayo, ataona mmene zala zanga zinkapindira injera pandiwo, anandifunsa kuti kwathu n'kuti.