Nyenyezi Zothothoka Zimasiya Njira ya Magetsi Mumlengalenga

M'caka ca 2024, pamene madzi anacepa m'damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambiri, anthu a m'makomboni a Kanyama, Matero, Chawama ndi Mtendere mumzinda wa Lusaka anaona bwino thambo la usiku. Cina cooneka mumdima wotero ndi kuwala kumene kumadutsa mwaliwiro, kumene ambiri amati nyenyezi yothothoka. Ena amacita mantha poganiza kuti ndi mfiti ili paulendo.

Akatswiri a sayansi amafotokoza kuti si nyenyezi ayi. Kawirikawiri ndi kamwala kocepa ngati mcenga kamene kamalowa mumlengalenga pa liwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi imodzi. Kamapsa ndi kutheratu pamtunda wa makilomita 80 mpaka 120 kucokera pansi.

Popsa, kamwalako kamawomba mpweya mwamphamvu kotero kuti maatomu amataya maelekitironi awo. Motero m'mbuyo mwake mumatsala njira yaitali ya mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi. Njirayi imabweza mafunde a wailesi monga kalilole. Ndiye cifukwa cake wailesi ya FM nthawi zina imagwira mau a nyumba youlutsira mau yakutali kwambiri kwa kamphindi cabe. Mu 1946 akatswiri a ku Britain anaziona njirazi pogwiritsa nchito makina a radar.

Masana, dzuwa ndilo limapatsa mpweya wa m'mwambamo mphamvu imeneyi, ndipo likalowa mphamvuyo imacepa msanga. Koma citsulo ndi magnesium zocokera ku timiyala topsa zimasunga mphamvuyo nthawi yaitali. Mphepo za kumwamba zimazisonkhanitsa m'mizere yopyapyala pamtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo mizereyi ingakhalepo kwa maola angapo ngakhale usiku.

Timiyalati timaculuka mbandakuca, cifukwa panthawiyo mbali ya dziko imene kukuca ndiyo imakhala kutsogolo pamene dziko lizungulira dzuwa. Caka ciliconse pa 5 ndi 6 May dziko limadutsa m'fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mcira ya Halley. Popeza mvula imakhala italeka, okhala mu Lusaka angaone kuwalaku ndi maso cabe akayang'ana cakum'mawa tambala asanalire kaciwiri.