Mwana wa Sukulu Amene Anagwera ku Ukraine

Basi yochokera ku Petauke ikaima pa Nyimba, amayi amaithamangira ndi nthochi m'manja. Ikawoloka mlatho wa Luangwa n'kuyamba kulimbana ndi zitunda, imadutsa m'boma la Rufunsa. Kumeneko n'kumene kunagona Lemekani Nyirenda, mnyamata wa zaka 23 amene anafera pankhondo ya ku Ukraine.

Lemekani sanachoke kwawo atavala yunifolomu. Boma la Zambia linamutumiza ku Russia kukaphunzira za mphamvu ya nyukiliya pa Moscow Engineering Physics Institute, mwayi umene kholo lililonse la ku Nyimba kapena ku Petauke lingaugulitsire ng'ombe. Pofuna ndalama zodzithandizira, ankagwira ganyu yoperekera katundu. Apolisi anamugwira ndi phukusi la mankhwala osokoneza bongo, ndipo mu 2020 khoti linamugamula kukhala m'ndende zaka 9 ndi theka.

Nkhondo itabuka mu 2022, gulu la asilikali aganyu la Wagner linayamba kulowa m'ndende za ku Russia ndi lonjezo limodzi: kamenye nkhondo miyezi 6, ukapulumuka ndiwe mfulu. Lemekani anatengedwa m'njira imeneyi. Anaphedwa pa 22 September 2022, koma nduna ya zakunja ya Zambia panthawiyo, a Stanley Kakubo, analengeza za imfayo pa 14 November. Pambuyo pake mkulu wa Wagner, Yevgeny Prigozhin, anavomera kuti mnyamatayo anali m'gulu lake.

Kwathu maliro sachedwa. Uthenga ukafika, anthu amasonkhana pasiwa, n'kugona pomwepo mpaka m'bale wawo ataikidwa. Banja la Lemekani linadikira miyezi. Bokosi linatera pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda pa 11 December, thupi linayamba lapimidwa, ndipo mwambo woika maliro unachitika mu January 2023.

Anthu a m'chigawo cha Kum'mawa anayamba kale kulira ana ofera kutali. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakamenya ku Somaliland, Ethiopia ndi Burma, ndipo amene anagwa anaikidwa komweko. Kampu ya asilikali ya Gondar ku Chipata imatchedwa ndi dzina la mzinda wa ku Ethiopia umene unalandidwa kwa Ataliyana mu November 1941.

Koma thupi la Lemekani linabwerera kwawo. Manda ake ali m'dera limene mabasi a ku Petauke amadutsa tsiku ndi tsiku, atanyamula ana ena opita kusukulu ku Lusaka.