Laputopu ya kaunjika ikakana Windows 11

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayamba kuoneka pa Chamama, ndipo makolo ena amagulira ana awo laputopu ya kaunjika. Chimwemwe chimatha pamene makinawo akana kulandira Windows 11.

Nthawi zambiri kompyutayo imakhala kuti siinafe ayi. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB, malo a 64GB ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komwe makina ambiri akale alibe. Windows 10 nayo njosadalirika tsopano, poti kampani ya Microsoft idathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse pa 14 October 2025.

Mavuto ena ngaang'ono. Kompyuta ikakana kuyambira pa fulashi, katswiri amasintha dongosolo mu BIOS. Ikamaiwala tsiku ndi nthawi, ndiye kuti kabatire ka CR2032 katha. Magetsi akathima ntchito ili mkati, kawirikawiri amayambiranso.

Pothawira palipo: Linux Mint njaulere, imayenda ndi RAM ya 2GB ndipo imabwera ndi LibreOffice yolembera ndi kuwerengera.

Choncho musanapereke ndalama ya thukuta lanu, wogulitsa ayatse makinawo mudzionere nokha zimene zili m'katimo.