Ndani Amasankha Mafilimu Omwe Timaonera?

Tikakhala pansi kuonera filimu timaona ngati tasankha tokha. Koma isanafike pamaso pathu, filimuyo imakhala itadutsa m'manja mwa woipanga, woigulitsa ndi woionetsa. Mwa atatuwa, mawu omaliza amakhala ndi amene wagwira njira yofikira kwa oonera. Mbiri ya mafilimu a ku Nigeria, omwe ambirife tinakula nawo, ikutiphunzitsa bwino zimenezi, chifukwa nthawi zonse luso la makono likasintha, mwini njirayo amasinthanso.

Nyengo ya matepi

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndalama ya naira inagwa mphamvu moti kujambula filimu yoonetsa m'nyumba za kanema kunakwera mtengo kwambiri, ndipo nyumba zambiri zotere zinatsekedwa. Apa m'pomwe amalonda analowererapo. M'chaka cha 1992, Kenneth Nnebue, yemwe ankachita malonda a zipangizo zamagetsi, anatulutsa filimu ya m'Chiigbo yotchedwa Living in Bondage. Inajambulidwa ndi kamera ya vidiyo n'kugulitsidwa pa matepi a VHS. Anthu anaigula ngati zitumbuwa, ndipo amalonda ena anaona kuti apa pali ndalama.

Kuyambira pamenepo, eni mashopu a mumsika wa Idumota ku Lagos ndi a ku Onitsha ndiwo ankapereka ndalama zojambulira, ndiwonso ankagulitsa matepi, kenako zimbale. Popeza mpamba unali wawo, ankasankha nkhani ngakhalenso osewera. Kodi tinadzifunsapo chifukwa chake filimu imodzi inkadulidwa pakati, nkhani itafika pokoma, kuti tidikire gawo lachiwiri? Zimbale ziwiri zimabweretsa ndalama zambiri kuposa chimodzi. Mphamvu zawo zinaonekera poyera mu 2004 pamene analetsa akatswiri angapo, kuphatikizapo Genevieve Nnaji, kusewera m'mafilimu ponena kuti akutchula ndalama zambiri.

Koma luso lomwe linawakweza ndi lomwenso linawafooketsa. Chimbale n'chosavuta kukopera. Filimu ikangotuluka, makope akuba ankadzaza m'misika pamtengo wozizira, phindu n'kupita kwa anthu omwe sanakhetsepo thukuta.

Nyengo ya dishi

Mu 2003, kampani ya ku South Africa ya M-Net inatsegula Africa Magic pa DStv. Mafilimu a ku Nigeria anayamba kulowa m'nyumba za m'mayiko ambiri a mu Africa usana ndi usiku, ndipo pambuyo pake panabwera matchanelo a Chiyoruba, Chihausa ndi Chiigbo. Opanga mafilimu anapeza oonera ochuluka, koma ambiri ankadandaula kuti ndalama zomwe ankalandira zinali zochepa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: ogulitsa akachuluka pomwe wogula wamkulu ndi mmodzi, mtengo amatchula ndi wogulayo. Komanso munthu amene filimu ikumupeza pampando sangavutikenso kukagula chimbale kumsika.

Nyumba zamakono za kanema nazo zinabwerera, kuyambira ndi Silverbird ku Lagos mu 2004. Popeza zambiri zili m'mashopu akuluakulu a m'mizinda, zimakopa anthu opezako bwino. Mafilimu nawo anatsata thumba la oonerawo: nyumba zapamwamba, magalimoto odula, maukwati a mnanu. The Wedding Party ya 2016, yomwe inapanga ndalama zambiri kuposa filimu ina iliyonse ya ku Nigeria panthawiyo, ndi chitsanzo chake.

Nyengo ya intaneti

Mu 2011 Jason Njoku anakhazikitsa iROKOtv, yoonetsa mafilimu pa intaneti, ndipo ambiri mwa olipira anali anthu a ku Africa okhala ku London, New York ndi mizinda ina yakunja. Mu 2018 Netflix inagula Lionheart, filimu ya Genevieve Nnaji yemwe uja amalonda anamuletsa. Amene anatsekeredwa khomo ku Idumota anapeza khomo lina lalikulu.

Komabe khomo limeneli nalo lili ndi mwini wake. Kampani yotere imadziwa filimu yomwe taonera, pomwe tinaimitsira ndiponso yomwe tinaisiya panjira, ndipo imagwiritsa ntchito zimenezi posankha zotionetsa patsogolo ndi zoti iikepo ndalama. Ikaona kuti phindu lachepa imabweza dzanja. Mu Januwale 2024, Amazon inasiya kuika ndalama m'mafilimu atsopano a ku Africa kuno, ndipo opanga mafilimu omwe ankaidalira anangoti kakasi. Umwini nawo ukunka nusonkhana m'manja ochepa: kampani ya ku France ya Canal+ inagula ROK, yopanga mafilimu ku Lagos, mu 2019, ndipo mu 2025 inatenganso MultiChoice, mwini wake wa DStv.

Nanga kwathu kuno?

Luso tili nalo. Shemu Joyah ndi Joyce Mhango Chavula analandirapo mphoto kunja chifukwa cha mafilimu awo. Chomwe chikutisowa ndi njira yodalirika yoti filimu ifike kwa oonera, ndalama n'kubwerera kwa woipanga. Ambirife filimu imatipeza kudzera pa memore khadi, kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni kapena kwa mnzathu wa ku hositelo. Woika amalandira kangachepe, woijambula osaona ngakhale tambala. The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, inajambulidwa konkuno ndipo muli Chichewa chambiri, koma inatuluka pa Netflix mu 2019, komwe woonera amafunika intaneti yamphamvu ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi.

Choncho oonerafe tili ndi gawo. Filimu ikamayamba, tiziwerenga maina a makampani omwe amaoneka koyambirira, chifukwa amatiuza mwini ndalama. Filimu ya kwathu ikamaonetsedwa muholo, tikalipire pakhomo m'malo modikira kope laulere. Ndipo ife amene tikuphunzira zamalonda ndi zamakompyuta tizindikire kuti ntchito ya mafilimu sithera pa kamera. Amene adzapeze njira yoti Mmalawi wa ku Ntcheu alipire filimu ya Chichewa ndi ndalama ya pafoni adzakhala atathandiza kusankha nkhani zomwe ana athu adzaonere.